Waluso Akalowa M'kalasi: Luso Limakula Kapena Limafota?

Mu Seputembala 2022, pabwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London, anavundukula chiboliboli chachikulu cha John Chilembwe atavala chipewa, ataima pafupi ndi mmishonale wachizungu John Chorley. Chilembwe anamupanga wamtali kwambiri, moti mzunguyo amaoneka ngati mwana pambali pake. Mwini ntchitoyi ndi Samson Kambalu, Mmalawi wobadwa mu 1975, amene anaphunzira zojambulajambula ndi maimbidwe a makolo ku Chancellor College ku Zomba. Koma tsiku limenelo Kambalu sanali mmisiri wa ziboliboli chabe. Analinso mphunzitsi pa Ruskin School of Art ya yunivesite ya Oxford, munthu wa digiri ya udokotala, wokhala ndi ophunzira omudikira ndiponso kafukufuku woyenera kumaliza.

Nkhani yotere ikamveka pakati pa anthu aluso, mkangano wakale umadzuka. Ena amati umenewu ndi umboni woti munthu angathe kupanga zaluso, kufufuza ndi kuphunzitsa, ntchito zitatuzo n'kumathandizana. Ena amapukusa mutu. Amati tikuona Kambalu mmodzi chifukwa wawala, koma sitikuwerenga anzake ambiri amene analowa m'kalasi ali akatswiri, lero penti wawo anauma m'zitini ndipo gitala ili pamwamba pa wodilopu. Mbali zonse ziwiri zili ndi anthu amene ndimawalemekeza, ndipo zonse zili ndi mfundo zoluma.

Amene amavomereza amayambira pamimba, ndipo sachita manyazi kutero. Luso silibweretsa ndalama mwezi ndi mwezi. Pitani pamisika ya ziboliboli ku Blantyre, ku Lilongwe kapena m'mbali mwa nyanja, muone zimene amisiri athu akusema: njovu, mvuu, bawo, mipando ya mafumu, amayi osenza mtsuko. Manja amenewo angathe kusema zoposa pamenepo, ndipo eni ake akudziwa. Amabwereza zomwezomwezo chifukwa mlendo wodzaona dziko amafuna zimenezo, ndipo lendi sadikira. Wojambula amene ali ndi malipiro a uphunzitsi ali ndi ufulu umodzi umene anzake alibe, ufulu wokana wogula. Angathe kutha chaka akuyesa chinthu chimene palibe amene angachigule, chikakanika n'kuyambanso.

Chitsanzo chimene amakonda kupereka ndi El Anatsui wa ku Ghana. Anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Nigeria ku Nsukka mu 1975, ndipo anakhala pantchitoyo zaka zoposa 30. Zaka zambiri zoyambirira ankaumba dongo ndi kusema mitengo, akudziwika ndi anthu ochepa okha. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayamba kutola zitsekero za mabotolo a mowa, kuziphwathalitsa ndi kuzilumikiza ndi waya wa kopa mpaka kukhala ngati nsalu yaikulu yokuta khoma lonse. Ntchito zimenezo n'zimene zinamutchukitsa padziko lonse, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya ulemu pachionetsero chachikulu cha ku Venice. Funso lawo ndi lakuti, akanakhala kuti chakudya cha tsiku ndi tsiku chimadalira kugulitsa, kodi munthu wa zaka zoposa 50 akanakhala ndi mtima wotola zitsekero zotayidwa n'kumaziyesayesa osadziwa kumene zikupita? Malipiro a ku Nsukka anamugulira kudekha.

Otsutsa sakana za mimba. Amangoti ndalama imeneyo imagulidwa ndi chinthu chimene waluso sangachipezenso, nthawi. Mapanga awiri avumbwitsa, iwo amatero, ndiye pano mapanga ake ndi atatu. Aliyense amene anaphunzitsapo pasukulu ya ukachenjede akudziwa kuti ola limodzi la m'kalasi limabwera ndi maola ena ambiri osaoneka: kukonzekera, kuchonga mayeso, misonkhano ya dipatimenti, kuyang'anira ophunzira amene akulemba kafukufuku wawo, kudzaza mafomu. Ndipo nthawi imene luso limafuna si yoduladula. Dongo likakandidwa silidikira kuti msonkhano uthe. Sewero limafuna kuti anthu omwewo akumane madzulo aliwonse kwa milungu ingapo. Wolemba buku akasiya nkhani yake mwezi wathunthu chifukwa cha mayeso, akabwerera amapeza anthu a m'nkhaniyo asakumuyankhulanso. Munthu angakhale ndi maola khumi pamlungu, koma ngati ali omwazikana, ola lina Lolemba, lina Lachinayi, palibe chachikulu chimene chingatulukemo.

Pamfundo iyi mbali zonse ziwiri zimakanganirana munthu mmodzi, Paul Klee, wojambula amene anaphunzitsa pasukulu ya Bauhaus ku Germany kuyambira 1921 mpaka 1931. Ovomereza amati uphunzitsi unamukakamiza kuganiza mozama za mzere, mtundu ndi maonekedwe a zinthu, moti anasiya masamba zikwi zingapo a zolemba zokonzekera maphunziro, zimene ojambula akuwerengabe mpaka lero. Munthu akamafotokozera wachinyamata chifukwa chimene mtundu uwu sukugwirizana ndi uwo, amayamba kumvetsa zimene manja ake ankangochita mosaganiza. Otsutsa amayankha kuti Klee yemweyo anatopa nayo Bauhaus, n'kusamukira ku Düsseldorf kumene ntchito inali yopepukirapo, kuti apeze mpata wojambula. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo zinachitika mwa munthu mmodzi.

Kumene mbali yovomereza ili ndi mphamvu kwambiri, m'kuona kwanga, ndi pa kafukufuku. Tibwerere ku chipewa cha Chilembwe. Chiboliboli chija, chimene dzina lake ndi Antelope, chinachokera pachithunzi cha mu 1914 chojambulidwa patchalitchi chatsopano cha Chilembwe ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Munthu wongoyang'ana chithunzicho amaona abusa awiri ovala bwino. Pamafunika munthu wodziwa mbiri kuti azindikire kuti nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu, ndipo kuti pambuyo pake, mu Januwale 1915, Chilembwe anaukira atsamunda, kenako n'kuphedwa, tchalitchi chake n'kugwetsedwa. Mphamvu yonse ya chibolibolicho yagona pa kachinthu kamene kanapezeka mwa kuwerenga. Popanda kafukufuku chikanakhala chiboliboli cha munthu wotchuka ngati zina zonse.

Kambalu yemweyo anachitanso china chimene chimasonyeza kuti nyumba yosungira zolembedwa zakale ingasanduke malo opangira luso. Ali pa kafukufuku ku yunivesite ya Yale ku America, anajambula makalata ndi zithunzi za Gianfranco Sanguinetti, mmodzi wa gulu la ku Ulaya limene linkalalikira kuti nzeru ndi luso si katundu wa munthu mmodzi, koma amene pambuyo pake anagulitsa zolemba zake ku laibulale ya kumeneko. Kambalu anaika zithunzizo poyera pachionetsero cha ku Venice mu 2015. Sanguinetti anakamang'ala kukhoti, ndipo khoti linagamula mokomera Kambalu. Apa simungathe kulekanitsa kuti wofufuza wathera pati, waluso wayambira pati.

Kwathu kuno tinali ndi malemu Steve Chimombo, amene anaphunzitsa ku Chancellor College zaka zambiri. Anafufuza nthano, miyambi ndi zikhulupiriro za makolo, n'kulemba buku la Malawian Oral Literature mu 1988. Kafukufuku yemweyo ndi amene anadyetsa ndakatulo zake za Napolo ndi sewero lake la The Rainmaker, lonena za Mbona. Sanali anthu awiri ogawana thupi limodzi. Zimene ankamva kwa agogo m'midzi masana zinkalowa m'ndakatulo usiku, ndipo zonsezo zinkafika kwa ophunzira m'kalasi. Pasukulu yomweyo panali gulu la alembi limene linayamba mu 1970, kumene aphunzitsi ndi ophunzira ankawerengerana ndakatulo ndi kudzudzulana mosanyengerera. Alembi ambiri amene anatchukitsa dzina la Malawi kunja anadutsa m'gulu limenelo. Panalinso gulu la zisudzo loyendayenda, limene m'zaka za m'ma 1980, pansi pa anthu monga Chris Kamlongera, linkapita m'midzi kukapanga masewero pamodzi ndi eni mudzi pankhani za umoyo ndi chitukuko. Kumeneko kuchita sewero, kufufuza ndi kuphunzitsa zinkachitika pabwalo limodzi, tsiku limodzi.

Otsutsa akamva mayina amenewa amatchula awoawo, ndipo mndandanda wawo ndi wolemera. Allan Namoko, woimba wosaona amene banjo yake inalira m'nyumba iliyonse yokhala ndi wailesi, sanaphunzitsepo pa yunivesite. Daniel Kachamba, amene zala zake pagitala zinadabwitsa akatswiri a ku Ulaya, luso lake linakulira m'misewu ndi m'malo omwera. Du Chisiza Jr anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987 n'kuiyendetsa ngati ntchito yodzidalira, akudzaza maholo ndi anthu olipira pakhomo. Izeki ndi Jakobo anaseketsa ndi kulangiza dziko lonse. Ku Zimbabwe, mudzi wa osema miyala wa Tengenenge, umene unayamba mu 1966, unakula ndi manja a anthu ogwira ntchito m'mafamu a fodya, ambiri a iwo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, osapita patali ndi sukulu. Ndiye amafunsa kuti, ngati yunivesite ndi yofunika chotere pa luso, bwanji nyimbo ndi masewero amene anagwedeza mitima ya anthu wamba anachokera kunja kwa mpanda wake? Waluso wodalira anthu olipira pakhomo amadziwa usiku womwewo ngati wakhoza kapena walephera. Waluso wa malipiro angathe kupanga zinthu zozizira zaka 20 popanda womuuza.

Funso limeneli silinayankhidwe mokwanira ndi mbali inayo, ndipo sindikuganiza kuti lingayankhidwe. Chimene anganene n'chakuti ambiri mwa akatswiri amenewa anavutika, ena anamwalira ali osauka, ndipo zambiri za ntchito zawo zikanatayika pakanapanda anthu ofufuza. Apa nkhani ya banja la Kachamba ndi yophunzitsa. Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967, anawajambula mawu ndi kanema, n'kulemba buku la gulu lawo. Koma sanaime patali ndi kope m'manja. Analowa m'gulu la Donald n'kumaimba nawo kilarineti m'mayiko ambiri. M'gulu lomwelo munakulira Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka, amene anayamba ngati woimba, kenako n'kukhala wofufuza, mpaka kulandira digiri ya udokotala ku yunivesite ya Vienna ndi kukhazikitsa malo osungira nyimbo ndi zipangizo zoimbira kwawo ku Chileka. Wofufuza amene zala zake zinagwirapo chingwe amamva zinthu zimene womvetsera chabe sangazimve. Amadziwa kuti woimba uja wachuna gitala mwa mtundu wina, kuti phokoso lija silinachitike mwangozi. Kafukufuku wa nyimbo za kwela za ku Malawi, zimene a Kachamba ankaimba, ndi wodalirika chifukwa anaupanga ndi anthu amene ankaziimba okha.

Tsopano tifike pamene ndikuona kuti otsutsa akunena zoona zenizeni, ndipo apa ndichedwapo. Vuto lalikulu si nthawi yokha. Ndi mmene mayunivesite amawerengera ntchito ya munthu. M'malo ambiri mphunzitsi amakwezedwa pantchito malinga ndi mapepala a kafukufuku amene wasindikiza m'magazini a akatswiri. Wa sayansi alibe nazo vuto, chifukwa pepala ndilo chipatso cha ntchito yake. Koma chipatso cha wosema ndi chiboliboli, cha wopeka nyimbo ndi nyimbo. Ngati komiti yokweza anthu iwerenga mapepala okha, wojambula amaphunzira msanga kuti chithunzi chimene chinamutengera miyezi isanu ndi umodzi sichimuwonjezera kanthu, pamene masamba 15 ofotokoza zithunzi za munthu wina amamukweza. Safunika kuuzidwa kawiri. Ali ndi ana kusukulu. Pang'onopang'ono amasiya kupanga n'kuyamba kulemba za opanga. Pakatha zaka khumi timakhala ndi pulofesa wa zojambulajambula amene sanagwire burashi chiyambire kukwezedwa koyamba, ndipo palibe amene analakwa mwadala. Dongosolo linangomusonyeza njira, iye n'kuitsata.

Mapepala amenewo amalembedwa m'Chingerezi cholimba, n'kusindikizidwa kunja, m'magazini amene amawerengedwa ndi anthu ochepa ndipo nthawi zambiri amafuna ndalama kuti uwatsegule. Woimba wa ku Nsanje amene nyimbo yake yafotokozedwamo sadzaliona pepalalo. Izi zimandipweteka, chifukwa munthu yemweyo amene walemba pepala akanatha kupanga sewero m'Chichewa, m'Chisena kapena m'Chitumbuka, n'kufikira anthu zikwizikwi ndi nzeru zomwezo.

Mayiko ena anazindikira vutoli n'kuyesa kulikonza. Ku Britain, pounika kafukufuku wa mayunivesite, amalola kuti chionetsero, nyimbo yopekedwa kapena sewero ziperekedwe ngati kafukufuku, ndipo masukulu ambiri amapereka digiri ya udokotala imene gawo lake lalikulu ndi ntchito ya manja. South Africa inakhazikitsa ndondomeko mu 2017 yoti ntchito zaluso za aphunzitsi a m'mayunivesite a boma ziziunikidwa ndi akatswiri anzawo n'kuwerengedwa. Ovomereza amaloza zimenezi n'kuti mankhwala alipo.

Koma otsutsa amati mankhwalawo ali ndi matenda akeake, ndipo apa ndimawamvera mwatcheru. Luso likangotchedwa kafukufuku, limafunsidwa mafunso a kafukufuku: funso lako ndi lotani, njira yako ndi iti, wapeza chiyani chatsopano? Waluso amayamba kupanga zinthu zosavuta kufotokoza m'fomu. Mumalowa m'chionetsero n'kupeza chinthu chimene sichikukugwirani mtima mpang'ono pomwe, pambali pake pali chikalata chachitali chokuuzani chifukwa chake muyenera kuchilemekeza. Mawu atenga malo a ntchito. Pamenepa pali kusiyana kwenikweni pakati pa ntchito ziwirizi. Wofufuza ali ndi udindo woulula zonse, kusonyeza kumene watenga mfundo iliyonse kuti wina athe kumutsatira ndi kumutsutsa. Waluso alibe udindo umenewo, ndipo nthawi zina mphamvu yake imakhala m'zimene wabisa.

Achewa amaidziwa bwino mfundo iyi. Gule wamkulu amagwira mtima pabwalo chifukwa zakudambwe zimatsala kudambwe. Wopanga chigoba cha nyau ndi mmisiri, ndi wosunga mbiri, ndiponso ndi mphunzitsi wa achinyamata olowa gule, ntchito zitatu zomwe tikukanganirana pano, koma nzeru zake sazimwaza kwa aliyense. Wofufuza akafika amabwera ndi chikhumbo choti alembe zonse. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anakhazikitsa malo a zaluso a KuNgoni ku Mua mu 1976, anakhala zaka zambirimbiri pakati pa zinthu ziwirizi: wojambula iye mwini, mphunzitsi wa osema, ndiponso wolemba za zigoba ndi magule mazanamazana, zimene zinatuluka m'buku mu 2012. Ambiri amathokoza kuti zinthu zimene zikanaiwalika zinasungidwa. Koma funso loti n'ziti zoyenera kulembedwa, n'ziti zoyenera kutsala kwa eni ake, silitha ndi buku limodzi, ndipo waluso aliyense wofufuza za kwawo amakumana nalo. Kambalu anatenga njira ina: makanema ake afupiafupi amawatcha Nyau Cinema, akutenga mzimu wa kuvina ndi kusewera kwa gule popanda kuulula zamkati.

Palinso nkhani ya ufulu, imene imadula mbali zonse. Tinati malipiro amamasula waluso kwa wogula. Koma amamumangirira kwa wolemba ntchito, ndipo yunivesite ya boma ili m'manja mwa boma. Jack Mapanje anali mlakatuli, katswiri wa sayansi ya zilankhulo wa digiri ya udokotala yochokera ku London, komanso mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College. Buku lake la ndakatulo la Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981. Mu Seputembala 1987 anamangidwa popanda mlandu n'kutsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991. Udindo wake sunamuteteze. Mwina unamuika poonekera kwambiri. N'zoonanso kuti dzina lake monga wophunzira linathandiza kuti alembi ndi aphunzitsi a m'mayiko ambiri afuule mpaka atatulutsidwa. Masiku ano anthu samangidwa kawirikawiri chifukwa cha ndakatulo, koma mantha otaya ntchito, nyumba ndi penshoni amatha kufewetsa cholembera kuposa wapolisi.

Pamkangano wonsewu pali munthu amene amaiwalika, ndiye wophunzira. Ovomereza amati palibe mphunzitsi wabwino wa luso kuposa amene akulichita. Ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Mtsikana amene akuphunzira kuumba ayenera kuona mphunzitsi wake akulimbana ndi dongo, mbiya ikusweka m'moto, iye n'kuyambanso. Ayenera kumva kwa munthu amene anakambiranapo mtengo ndi wogula, anasainapo pangano, anabedwapo ntchito yake. Zimenezi sizili m'buku. Koma otsutsa amafunsa za tsiku limene mphunzitsi wotchukayo ali ku Berlin kapena ku Johannesburg kukaonetsa ntchito zake pakati pa teremu. Kalasi imatsala ndi ndani? Makolo analipira fizi kuti mwana wawo aphunzitsidwe, osati kuti azinyadira dzina la mphunzitsi amene samuona. Ndiponso katswiri wamphamvu amatha kutulutsa ophunzira ofanana naye okhaokha, onse akujambula ngati iye, chifukwa sadziwa kapena safuna kuthandiza wachinyamata kupeza njira yakeyake. Kudziwa kupanga ndi kudziwa kuphunzitsa ndi mphatso ziwiri, ndipo si onse amene anapatsidwa zonse. Mphunzitsi amene anasiya kupanga koma amakhala ndi ophunzira ake tsiku ndi tsiku, akuwamvetsera ndi kuwawongolera, angathe kuwathandiza kuposa katswiri wosapezeka.

Ine ndaima pati? Ndili kumbali ya amene amati ntchito zitatuzi zingakhale mwa munthu mmodzi, koma sindivomera kuti zimangogwirizana zokha. Ndikayang'ana anthu amene zinawayendera, Chimombo, Anatsui, Malamusi, Kambalu, ndimaona chinthu chimodzi: sankagwira ntchito zitatu zosiyana. Funso limene linkawasowetsa tulo popanga ndi lomwe ankalifufuza, ndipo ndi lomwe ankalowa nalo m'kalasi. Amene zimawavuta ndi aja amene amajambula china, kufufuza china chifukwa n'chimene chili ndi thandizo la ndalama, n'kuphunzitsanso china chifukwa dipatimenti ilibe munthu. Munthu wotere wagawidwa patatu, ndipo chimene chimayamba kufa ndi luso, chifukwa ndi lokhalo limene palibe bwana amene amalifunsa Lolemba m'mawa. Mayeso ali ndi tsiku lake lomaliza, pepala la kafukufuku lili ndi mkonzi wolikumbutsa, koma chithunzi chosamalizidwa chimangokhala chete pakona.

Choncho wachinyamata waluso amene akuganiza zolowa uphunzitsi ndingamuuze kuti alowe, koma adzifunse kaye ngati amakondadi kuona wina akukula, chifukwa ngati akungofuna malipiro adzazunza ana a eni ake ndi kudzizunza yekha. Ndingamuuzenso kuti asankhe kafukufuku wochokera m'manja mwake, ndipo apatule masiku ena a pamlungu amene foni ya kuntchito siyankhidwa. Koma katundu wamkulu sali pa iye. Ali pa masukulu. Yunivesite ya Malawi ku Zomba, sukulu ya zachikhalidwe ya yunivesite ya MUST ku Thyolo ndi ena onse ophunzitsa zaluso ali ndi mphamvu yonena kuti sewero loonetsedwa, chimbale chojambulidwa ndi chionetsero choikidwa poyera ndi ntchito yowerengeka pokweza munthu, ikaunikidwa ndi akatswiri anzake. Ndipo poiunika aziyang'ana ntchitoyo, osati kukoma kwa chikalata choifotokoza. Angathenso kulemba anthu ena pa theka la ntchito, kuti wojambula aziphunzitsa masiku awiri kapena atatu, otsalawo akhale ake, monga zimachitikira m'masukulu ambiri a zaluso ku Ulaya.

Palinso khomo lina limene liyenera kutsegulidwa, lolowera mbali inayo. Takhala tikukamba za wophunzira amene akufuna kukhalabe waluso, koma bwanji za waluso amene alibe satifiketi? Mu 1999 yunivesite ya California ku Los Angeles inaitana Donald Kachamba kuti akaphunzitse ophunzira ake nyimbo kwa teremu imodzi, ndipo zimene anaimba nawo zinajambulidwa. Anamwalira mu 2001. Sanamuitane chifukwa cha mapepala. Anamuitana chifukwa chitoliro ndi gitala ankazidziwa kuposa aliyense amene anali kumeneko. Malamulo olembera aphunzitsi m'mayunivesite ambiri amafuna digiri yachiwiri kapena yachitatu, ndipo pa maphunziro ena n'zomveka. Koma pa zaluso lamulo limeneli limatsekera kunja woimba bangwe, woumba mbiya, wosema ng'oma ndi mtsogoleri wa zisudzo amene wadzaza maholo zaka 30, pamene ophunzira akuwerenga za iwo m'mabuku olembedwa ndi alendo. Otsutsa adzati munthu wotere sangachonge mayeso kapena kuyang'anira kafukufuku, ndipo n'zoona. Asachonge. Akhale ndi mphunzitsi wa digiri pambali pake wogwira zimenezo, iye aphunzitse zimene akudziwa, alipidwe ngati katswiri osati ngati waganyu, ndipo dzina lake lilembedwe pa kafukufuku aliyense wotuluka m'kalasi imeneyo.